Kwa Inu Amene Mwalandira Chikho cha Mbumba

Mabanja ambiri a kwathu kuno amakumana onse pamodzi pokhapokha wina akamwalira. Ukwati umasonkhanitsa ena, chinkhoswe chimasonkhanitsa ochepa, koma chimene chimadzutsa munthu ku Mzuzu, ku Lusaka kapena ku Johannesburg n'kumufikitsa kumudzi mwamsangamsanga ndi maliro. Asuweni amadziwirana pasiwa, n'kubalalikana osafunsana n'komwe kumene wina akukhala. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola, ndipo sananame. Koma abale osaonana amafika popatsana moni ngati alendo, fupalo lili chikhalire. N'chifukwa chake ndimalemekeza banja lililonse limene lapatula tsiku limodzi pachaka loti likumane popanda misozi. Ena amachita zimenezi ndi mpira wa miyendo, ena ndi bawo pansi pa mtengo wa mango. Ife tinasankha gofu, ndipo tsopano inu ana athu ndi adzukulu mwati mutilandire ntchito yoyendetsa mpikisanowu. Mwachita bwino, ndipo mtima wanga wakondwa. Khalani pansi ndikuuzeni zimene zimausunga ndi zimene zimaupha.

Mudzamva abale anu omwe akunena kuti gofu ndi masewera a mabwana. Musawayankhe mwaukali, chifukwa mawuwo muli choonadi. Makalabu athu akale, monga Blantyre Sports Club, Limbe Country Club ndi Zomba Gymkhana Club, anakhazikitsidwa m'nthawi ya atsamunda kuti azisangalalako azungu, ndipo mabwalo a ku Mulanje, Thyolo, Nchalo ndi Dwangwa anadza ndi minda ya tiyi ndi ya nzimbe. Ambiri mwa makolo athu anaponda kapinga wa mabwalo amenewa atasenza chikwama cha ndodo za munthu wina. Lero zipata n'zotsegula, koma ndodo n'zodula, mipira imasowa m'tchire, ndipo kusewera pabwalo n'kolipira. Komabe masewerawa ali ndi mphatso imene mpira wa miyendo ulibe: gogo wa zaka 70 ndi mdzukulu wa zaka 12 akhoza kupikisana moona, aliyense ali ndi mwayi wotenga chikho. Mphatso imeneyi imagwira ntchito ngati okonza akuganizira munthu wosadziwa kusewera ndi munthu wa m'thumba mopepuka. Katswiri ali ndi mipikisano ya kukalabu mwezi ndi mwezi. Azakhali anu ali ndi tsiku limodzi lokhali. Chilichonse chimene mukonze, mudzifunse ngati iwowo adzafune kubweranso chaka chamawa.

Yambani ndi tsiku. Lisankheni kamodzi, lisadzasunthenso. Tinene Loweruka lachiwiri la mwezi wa Ogasiti, chaka ndi chaka. Tsiku loti muzilikambirana chaka chilichonse pa WhatsApp silipezeka, chifukwa uyu ali ndi ukwati wa mnzake, uyu ali ndi msonkhano wa kumpingo, ndipo pomaliza mawu a wolongolola ndiwo amapita. Tsiku likakhala lodziwika, wa ku Johannesburg amapempha tchuthi kuntchito nthawi ikadalipo, ndipo wa kumudzi amasungiratu ya basi pamene akugulitsa mtedza wake. Mudzakopeka kuuika pa Khirisimasi poti ambiri amakhala atabwera kale. Ine sindikuvomereza. Disembala ndi mwezi wa mvula ndi mphenzi, ndipo munthu woima pabwalo lopanda pobisala, ndodo yachitsulo ili m'manja, ali pangozi yeniyeni. Ndi mwezi umenenso ndalama zimakhala zitapita ku feteleza, fizi ya Januwale ikudikira pakhomo. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chimatha kukuta Mulanje ndi Thyolo masiku angapo, ana a folomu 4 ali kalikiliki ndi mayeso. Mu Okutobala dzuwa la ku Nchalo si loyendamo nkhalamba. Mu Ogasiti ana ali patchuthi, kuzizira kwayamba kutha, ndipo nthaka youma imathamangitsa mpira patali, zimene zimakomera a manja ofooka.

Mugwirizaniretunso chochita maliro akagwa pafupi ndi tsikulo, poti chaka china adzagwa ndithu. Palibe amene angamenye mpira m'bale ali chigonere. Koma mukhale ndi tsiku lachiwiri lolembedwa kale loti mudzasamukireko, kuti chakacho chisadutse chopanda mpikisano. Chaka chimodzi chikadumphidwa, chotsatiracho anthu amayamba kufunsana ngati zija zilipobe, ndipo funso limenelo ndi chiyambi cha kutha.

Kalabu ilembereni kalata miyezi ingapo nthawi isanakwane. Loweruka makalabu ambiri amakhala ndi mipikisano ya mamembala awo, choncho funsani ola limene angakupatseni. Bwalo la Lilongwe Golf Club lili ndi maenje 18, pomwe ena ambiri m'dziko muno ali ndi 9. Maenje 18 amadya maola anayi kapena kuposerapo. Kwa banja limene muli ana ndi agogo, 9 ndi okwanira. Funsani mtengo wa alendo, wa ana ndi wobwerekera ndodo. Funsaninso za zovala, ndipo ichi musachiyese chaching'ono. Makalabu ambiri amafuna malaya a kolala ndipo salola jinzi kapena masilipasi pabwalo. Palibe chowawa ngati kuona malume amene ayenda ulendo wautali akubwezedwa chifukwa cha malaya, adzukulu akuyang'ana. Auzeni anthu kukadali nthawi, ndipo mukhale ndi malaya angapo apadera m'galimoto, oti mupereke osalankhulapo kanthu.

Tsopano nkhani ya handicap, imene ndi mtima wa zonsezi. Dzenje lililonse lili ndi nambala yake yotchedwa par, yosonyeza kuti wodziwa ayenera kulowetsa mpira atamenya kangati: katatu, kanayi kapena kasanu. Handicap ndi kumenya kowonjezera kumene wosewera wofooka amakhululukidwa. Wa handicap 18 amakhululukidwa kumenya kumodzi pa dzenje lililonse mwa maenje 18, wa 36 kuwiri. Kuyambira mu 2020, mabungwe awiri osunga malamulo a gofu, R&A ya ku St Andrews ndi USGA ya ku America, anakhazikitsa njira imodzi yowerengera padziko lonse. Amayang'ana maulendo 20 omaliza amene munthu wasewera, n'kusankhapo 8 abwino koposa, ndipo handicap yaikulu imene munthu angakhale nayo ndi 54. Amene ali mamembala a kalabu abwere ndi nambala yawo ya kukalabu, osati ya pakamwa. Ntchito ili pa ambiri a m'banja, amene amagwira ndodo kamodzi pachaka. Amenewa komiti iwapatse nambala poyang'ana mmene anachitira zaka zam'mbuyo, mayina onse papepala limodzi, litumizidwe kwa aliyense sabata yathunthu tsiku lisanafike. Wodandaula adandaule m'sabata imeneyo. Mpira woyamba ukangomenyedwa, nkhani ya handicap yatsekedwa.

Ndikulangizaninso kuti wopambana chaka chino mumudule nambala yake ya pabanja ndi 2 kapena 3 chaka chamawa, ndipo womaliza mumuwonjezere. Ena adzati uku ndi kulanga munthu wakhama. Ndimawamvetsa, koma taganizani: chikho chikagona nyumba imodzi zaka zinayi zotsatizana, chaka chachisanu adzabwera ndani? Wakhama weniweni amakondwa akadulidwa, chifukwa apambananso movutikira, ndipo kupambana kotero n'kokoma. Lamulo lomweli limathandizanso pa m'bale uja amene amati "ine sindidziwa kanthu" pomwe Lachitatu lililonse amakhala ali pabwalo. Simufunika kukangana naye. Akapambana kamodzi, nambala yake idzikonza yokha.

Powerengera, musatsate njira yowonkhetsa kumenya konse, imene mumaiona pa wailesi ya kanema. Njira imeneyo ndi yankhanza kwa wophunzira. Akamenya ka 12 pa dzenje loyamba, tsiku lake latha dzuwa lisanakwere, ndipo maenje otsalawo amangoyenda ndi manyazi. Dokotala wina wa ku Britain, Frank Stableford, anaona vuto lomweli pakati pa anzake, n'kukonza njira ya mapointi imene inaseweredwa pa mpikisano ku Wallasey, pafupi ndi Liverpool, mu 1932. Imayenda motere. Mukachotsa zokhululukidwa zija, amene wakwanitsa par amapeza mapointi 2. Wapitirira ndi kumenya kumodzi amapeza 1, wachepetsa ndi kumodzi amapeza 3. Wapitirira ndi kuwiri kapena kuposa sapeza kanthu. Amatola mpira wake n'kupita pa dzenje lotsatira mtima uli m'malo. Azakhali a handicap 36 akalowetsa mpira atamenya ka 6 pa dzenje la par 4, apeza mapointi 2, chimodzimodzi ndi mdzukulu katswiri wosakhululukidwa kanthu amene wamenya kanayi. Dzenje loipa limathera pomwepo, silimutsatira munthu mpaka kumapeto. Ndipo poti anthu akutola mipira m'malo molimbana nayo, gulu limayenda msanga, eni kalabu amene ali m'mbuyo mwanu osatopa nanu. Chimenechi chidzakuthandizani mukamadzapemphanso bwalo chaka chamawa.

Ngati ophunzira ndi ochuluka kuposa odziwa, sewerani m'magulu mwa njira yotchedwa scramble. Onse a pagulu amamenya, n'kusankha mpira umene wagwera pabwino, onse n'kumenyeranso pamenepo, mpaka umodzi utalowa. Ndi mmene amasewerera pa PNC Championship ku America, mpikisano umene unayamba mu 1995 kuti akatswiri azisewera ndi ana awo. Tiger Woods anayamba kuseweramo ndi mwana wake Charlie mu 2020, ndipo Nelly Korda anasewerapo ndi bambo ake. Koma inu muwonjezere lamulo loti mpira woyambira wa munthu aliyense usankhidwe kosachepera kawiri. Popanda lamulo limeneli katswiri wa pagululo amasewera yekha, enawo akungomuperekeza. Likakhalapo, mudzamuona katswiri uja akumukonza mwana kaimidwe ndi kagwiridwe ka ndodo moleza mtima, chifukwa tsopano akumufuna.

Pa kagawidwe ka magulu ndi pamene ndikufuna mutchere khutu kwambiri. Mumaonera Ryder Cup, mpikisano umene unayamba mu 1927, umene masiku ano akatswiri a ku Ulaya amalimbana ndi a ku America, ndipo mudzafuna kuligawa banja pawiri momwemo. Palibe choipa, koma yang'anitsitsani pamene mukudula. Musaike ana a mayi wamkulu uku, a mayi wamng'ono uko. Musagawe a m'tauni ndi a kumudzi, kapena eni mbumba mbali ina, akamwini ndi atengwa mbali ina. Ming'alu imeneyo ilipo kale m'banja lililonse, ndipo mukaiveka malaya a mitundu iwiri mwaikulitsa. Chitani maere poyera chaka chilichonse: mayina a odziwa m'chipewa china, a ophunzira m'china, mwana wamng'ono atole. Maere amaika pamodzi anthu amene sakanasankhana okha, ndipo abale awiri amene anasiya kulankhulana, akayenda maola awiri akufunira limodzi mpira m'udzu, kawirikawiri amafika kumapeto atayamba kuyankhana. Chimodzi chokha musamale: maere akaika mkamwini ndi apongozi ake pagulu limodzi, ndipo m'nyumba imeneyo mwambo wopewana ukadalipo, bwezani dzinalo m'chipewa mwakachetechete, mwana atolenso.

Funso loti wa m'banja ndani lidzabwera, ndipo likabwera pa tsiku la mpikisano limabwera litanyamula dzina la munthu. Liyankheni lisanakhale ndi dzina. Kwa ine, mkamwini ndi mtengwa ndi a m'banja, ndipo akhoza kutenga chikho. Mwana wopeza ndi mwana. Mayi wamasiye wa m'bale wathu asafufutidwe pamndandanda chifukwa chakuti mwamuna wake anatisiya. Akhale woyamba kuitanidwa, pamodzi ndi ana ake, ndipo asafunsidwe ndalama. Ukwati ukatha, ana ake salekana nafe. Chibwenzi chimene sichinafike kwa ankhoswe chibwere ngati mlendo, chisewere, chidye, koma chikho chidikire. Mwina inu muona mosiyana pa zina mwa izi, ndipo ufulu umenewo muli nawo. Chimene ndikukana n'choti muzigamula nkhani yotere munthuyo ataima kale pabwalo ndodo ili m'manja. Nyumba timafolera mvula isanagwe. Malamulo anu nawo muwalembe mitima ikadali yozizira.

Mipikisano ya pabanja imene ndinaiona ikufa, yambiri inafera pa ndalama. M'banja lililonse mumakhala mmodzi amene zake zinayenda, ndipo mwa mtima wabwino adzati, "Musavutike, ndilipira zonse." Muthokozeni ndi manja awiri, koma musavomere. Wolipira zonse amasanduka mwini mpikisano ngakhale iye asakufuna: tsiku limatsata nthawi yake, palibe amene angalimbe mtima kumudula handicap, ndipo chaka chimene geni yake yavuta mpikisano umagona. Aliyense asonkhe, pang'onopang'ono kuyambira kumayambiriro kwa chaka, kudzera pa Mpamba kapena Airtel Money. Muyezo wake ukhale woti mphunzitsi wa kupulayimale aukwanitse osakongola. Amene ali nazo awonjezere mmene angafunire, koma mwachinsinsi kwa msungichuma, osati pamaso pa anthu. Wa kumudzi akabwera ndi nkhuku, mpunga kapena mbuzi, wasonkha mokwanira, ndipo zilembedwe m'buku momwe mukulembedwa ndalama. Msungichuma asakhale wa nyumba imodzi ndi wapampando, ndipo pasanathe sabata ziwiri mpikisano utatha atumize kwa onse zolowa, zotuluka ndi zotsala. Mayina a amene sanasonkhe asaikidwe pagulu la WhatsApp. Munthu amene wachititsidwa manyazi chifukwa cha umphawi sabweranso, ndipo sakuuzani chifukwa chake. Kubetcherana ndalama kuletsedwe kotheratu, ngakhale kwa sewero, chifukwa juga imasandutsa m'bale kukhala wangongole.

Za ndodo musade nazo nkhawa kwambiri. Lamulo limalola munthu kunyamula zosapitirira 14, koma wophunzira zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimamukwanira. Abale a ku South Africa ndi ku Britain, kumene ndodo zogwiritsidwapo ntchito zimapezeka motchipa, azibweretsako akamabwera, mpaka thumba la banja likhale ndi zikwama zake zobwereketsa.

Pa ndalama zonse zimene musonkhe, zoyamba kupatulidwa zikhale za ma caddie, anthu osenza zikwama za ndodo. Mugwirizane nawo mtengo musananyamuke, muwalipire tsiku lomwelo, muwonjezerepo pamwamba, ndipo adye chakudya chimene inu mukudya. Mwana wanu akaitana caddie wamkulu msinkhu ndi mluzu kapena kumunena kuti "iwe", mudzudzuleni pomwepo. Anthu amenewa amalidziwa bwalo kuposa mamembala ambiri, ndipo wophunzira amene wapeza caddie wabwino wapeza mphunzitsi. Ku Durban kunali munthu wina, Papwa Sewgolum, amene anayamba ngati caddie n'kudziphunzitsa yekha kusewera. Anapambana Dutch Open katatu, mu 1959, 1960 ndi 1964, ndiponso Natal Open kawiri, mu 1963 ndi 1965, ulendo wachiwiriwu atagonjetsa Gary Player. Koma chithunzi chake chimene dziko limakumbukira ndi chomwe akulandirira mphoto panja, mvula ikumugwera, chifukwa malamulo a tsankho sankamulola kulowa m'nyumba ya kalabu. Ife amene makolo athu anasenza zikwama tisakhale anthu odyera mkati wina ataima panja ndi njala.

Gofu alibe woyimbira woyenda pambuyo pa munthu aliyense. Nthawi zambiri umakhala wekha m'udzu ndi mpira wako, ndipo ukaukankha ndi phazi kuti ukhale pabwino, palibe wakuona. Pa US Open ya 1925, Bobby Jones anaona mpira wake utasuntha pang'ono pamene ankakonzeka kumenya. Palibe wina amene anaona bwino, koma iye anaumirira kuti alembedwe chilango cha kumenya kumodzi. Pomaliza anafanana ndi Willie Macfarlane, ndipo atabwereza anagonja. Pa Masters ya 1968, mnzake wa Roberto De Vicenzo anamulembera 4 pa dzenje la 17 pomwe anamenya katatu. De Vicenzo anasaina khadi osaliyang'anitsitsa, lamulo linati nambala yosainidwa ikhale, ndipo chikho chinapita kwa Bob Goalby. Nkhani ziwirizi muziwafotokozera ana anu usiku woti mawa akasewera. Yoyamba idzawaphunzitsa kunena zoona wina asanawafunse, yachiwiri kuwerenga pepala asanaikepo dzina, ndipo zonsezi adzazifuna kutali ndi bwalo la gofu.

Koma kwathu kuno pali vuto limene mabuku a malamulo salidziwa. Mwana amene akulemba khadi sangawauze amalume ake kuti, "Mwamenya kasanu ndi kawiri, osati kasanu." Mwambo sumulola, ndipo sindikufuna kuti muuphwanye. Njira yake ndi yoti pa dzenje lililonse, musanachokepo, wolemba atchule nambala ya aliyense mokweza gulu lonse likumva, kuti ngati pali kuiwala kukonzedwe pomwepo ngati kuiwala. Caddie musamuchititse umboni wotsutsa munthu amene akumulipira. Kumeneko ndi kumuika pamoto. Pa mikangano ya malamulo pemphani munthu wa kunja kwa banja, mphunzitsi wa gofu wa pakalabupo kapena membala wodziwa, ndipo mugwirizaniretu kuti mawu ake ndi omaliza. Kwa akulu anzanga amene muwerenge izi ndikuti: mdzukulu amene wakuonani mukukankha mpira ndi phazi sanena kanthu, koma sadzaiwala, ndipo tsiku lina mukamadzamulangiza za chilungamo adzakhala akuona phazi lija.

Za chitetezo ndi zochepa koma zosanyengerera. Pasakhale munthu kutsogolo kwa amene akumenya. Ana aang'ono agwiridwe dzanja, chifukwa mpira wa gofu ndi wolimba ndipo ukhoza kupha. Mpira ukalunjika kumene kuli anthu, fuulani "fore" mosachita manyazi. Ukasowa, nthawi youfuna ndi mphindi 3, monga malamulo akunenera kuyambira mu 2019. Mowa udikire dzenje lomaliza, ndipo oyendetsa galimoto adziwike usanatsegulidwe.

Ambiri amene abwere sadzasewera maenje onse, ndipo tsikuli ndi lawonso. Pafupi ndi nyumba ya kalabu pamakhala kabwalo kophunzirira kulowetsa mpira; pemphani kuti agogo ndi ana apikisanepo, ndipo wopambana alandire mphoto yake pamaso pa onse. Ana apatseni ndodo adakali aang'ono, poti m'mera mpoyamba. Madalitso Muthiya wa ku Zambia, amene mu 2006 anakhala munthu woyamba wa dziko lake kusewera mu US Open, anayamba ali mwana. Amayi ndi atsikana musawasiye ku mapoto amuna ali pabwalo. Ndalama zikalola, chakudya chiphikidwe ndi a pakalabu. Zikapanda kulola, ophika asinthane chaka ndi chaka, amuna omwe, kuti mlongo wanu amene akufuna kugwira ndodo aigwire. Ndiponso tsiku limeneli lisasanduke bwalo la milandu. Wina adzati, poti tonse tilipo, tikambiretu za munda wa agogo kapena za nyumba ya malemu. Mukanize mwaulemu, mumupatse tsiku lina. Anthu akadziwa kuti pambuyo pa nsima pali mlandu, chaka chamawa amadwala.

Chikho chisakhale chodula, koma chikhale chimodzi chomwecho zaka zonse, ndipo chisadzakhale cha munthu. Mpikisano wakale kwambiri mwa ikuluikulu ya gofu, The Open, unayamba ku Prestwick m'dziko la Scotland mu 1860, ndipo mphoto yake inali lamba wachikopa. Lamulo linkati wopambana katatu motsatizana atenge lambayo akhale wake. Mnyamata wina, Young Tom Morris, anapambana mu 1868, 1869 ndi 1870, n'kupita naye kwawo. Mu 1871 mpikisano sunachitike, poti panalibe cholimbirana. Atagula chikho chatsopano anasintha lamulo, ndipo mpaka lero wopambana amachisunga chaka chimodzi n'kuchibweza. Inunso lembani momwemo: chikho ndi cha mbumba, wopambana ndi wosunga chabe, ndipo achibweze dzina lake ndi chaka zitazokotedwapo. Ngati akukhala kunja kwa dziko, ajambulitse nacho, koma chitsale kwa mwinimbumba. Mphoto zina zikhale zazing'ono ndi zambiri: ya amene mpira wake wagwera pafupi kwambiri ndi dzenje, ya mwana amene wasintha koposa, ya amene wachokera kutali. Mphoto yoseka womaliza ikhale pakati pa asuweni okha, amene chipongwe ndi mwambo wawo. Kwa mtengwa watsopano imaluma.

Pambali pa chikho pakhale buku la chikuto cholimba. Chaka chilichonse mlembi alembemo tsiku, bwalo, mayina a onse amene anabwera, osewera ndi osasewera omwe, mapointi a aliyense, ndalama, ndi chithunzi chimodzi chosindikizidwa. Mafoni amatayika, magulu a WhatsApp amafufutika. M'bukumo ndi mmene komiti idzapeze poyambira pogawa handicap, ndipo ndi mmene mdzukulu amene sanabadwe adzaone dzina la agogo ake pafupi ndi mapointi amene anapeza. Musanayambe kusewera, mayina a amene atisiya m'chakacho atchulidwe, wina apemphere mwachidule, kenako wamkulu woposa onse amenye mpira woyamba.

Komiti ikhale ya anthu atatu, ndipo chaka chilichonse mmodzi azituluka, wina wocheperapo msinkhu n'kulowa, kuti pasakhale munthu amene akadwala zonse zaima. Ife amene tinayambitsa tisakhale ndi mpando wamuyaya. Mutifunse nzeru, tikuyankhani mokondwa, koma chigamulo ndi chanu. Mwezi uno usanathe, khalani pansi atatu inu, mulembe malamulowa patsamba limodzi, mukawawerengere mwinimbumba, kenako mutumize tsiku kwa aliyense. Muyambire azakhali anu a kumudzi amene alibe foni ya intaneti. Amenewo muwaimbire, kapena mupiteko ndithu, ndipo muwauze kuti ya basi ilipo.